Laputopu ya Mwayiwathu

Basi ya ku Thamesmead inachedwa tsiku limenelo. Jailos anaima pasiteji ku Woolwich manja ali m'matumba, mvula yowaza ikumunyowetsa pang'onopang'ono. Dzuwa silinaoneke tsiku lonse, ndipo mdima unali utayamba anthu asanaweruke n'komwe.

Pambali pake panaima mtsikana wovala jekete lalikulu, atakumbatira jumbo pachifuwa ngati khanda. Mtsikanayo anayang'ana kumwamba, n'kudandaula chapansipansi.

"Koma dziko ili, abale."

Jailos anacheuka msanga. Panali patapita miyezi osamva Chichewa kuchokera pakamwa pa munthu woima naye pafupi. Ankangochimva pafoni.

"Pepani achemwali, ndinu akwathu?"

Mtsikanayo anatong'ola maso, kenako anaseka mpaka kugwira pakamwa. Anati dzina lake ndi Mwayiwathu, kwawo ndi ku Tsangano ku Ntcheu, ndipo amasamalira okalamba panyumba ina ku Abbey Wood. Jailos naye ananena zake: wa ku Mchinji, amakankha mabedi a odwala pachipatala, koma kumudzi ankakonza mafoni ndi makompyuta m'kakhumbi kena pafupi ndi depoti ya mabasi ku Lilongwe.

Basi itabwera anakhala mpando umodzi m'chipinda cham'mwamba. Mwayiwathu anatsegula jumbo lija. Munali laputopu. Anati inangofa m'mawa wina, ndipo kushopu komwe amachokerako amuuza kuti agule ina.

Jailos anaitenga, n'kudina poyatsira. Galasi linangoti bii. Anaika khutu pansi pake n'kumva kaphokoso, tiki, tiki, tiki, ngati kachilombo kakuboola chimanga.

"Siinafe iyi," anatero. "Yadwala nkhokwe yokha. Muli kachitsulo kamene kamasunga zonse, timati hadi disiki. Kanuka kalowa anankafumbwe. Tikachotsa n'kuika katsopano, idzathamanga kuposa tsiku lomwe munaigula."

"Ndiye inu ndinu adokotala a makina?"

"Odwala anthu ndimangowakankha. Makina ndiye ndimachiza."

Anapatsana manambala asanatsike. Usiku umenewo Jailos anadya atakhala pansi, chinthu chomwe anali atasiya kalekale.

Ankakhala m'kachipinda ka pamwamba pa nyumba yaitali ya simenti. Anzake a m'nyumbamo ankawadziwira ku nsapato zawo pakhomo ndi mayina olembedwa pamabotolo a mkaka mufiriji. Zenera lake linkayang'ana kumtsinje, madzi otuwa opanda wochapa kapena wotunga. Akaweruka ankayatsa wailesi ya pafoni kuti m'chipindamo mumveke mawu a munthu. Kodi n'zimene anakwerera ndege zimenezi, kudzayankhula ndi khoma?

Tsopano foni inayamba kulira. Poyamba zinali za laputopu, kenako za laputopu zinaiwalika.

"Wafika bwino, kachewere wanga wa ku Tsangano?"

"Ndafika, dokotala wanga. Koma unditchulenso mbatata uone."

"Mbatata ya ku Tsangano siipezeka wamba. Anthu amaimitsa basi chifukwa cha iyo."

"Pakamwa pako mpokoma ngati wogulitsa mafoni."

Masiku omwe mashifiti awo alola, ankapita limodzi ku Peckham kukasaka usipa wouma ndi therere. Mwayiwathu ankanyoza masamba a m'mashopu, ati alibe fungo la dothi. Jailos ankamunyamulira majumbo, n'kumamva ngati akuchokera kumsika wa Lachiwiri kwawo. Tsiku lina akuyenda m'mbali mwa mtsinje, mphepo ikubaya m'makutu, Mwayiwathu analowetsa dzanja lake m'thumba la jekete la Jailos ndipo sanalitulutsenso.

"Ndisanakuone ndinkalira m'bafa kuntchito," anatero. "Ndinkatsegula madzi kuti asandimve."

"Sudzaliranso wekha. Ndikulonjeza, sindidzakusiya wekha m'dziko lozizirali."

"Ngakhale ndikhale wotani?"

"Ngakhale utamera nyanga."

Mwayiwathu anaseka, koma maso ake anali kumadzi.

Panali tinthu tina tomwe Jailos ankationa n'kutikankhira pambali. Lamlungu masana foni ya Mwayiwathu ikalira, ankatuluka nayo panja n'kukhalitsa, pobwera maso atafiira. Ankati ndi mayi ake. Jailos atamupempha kuti apite limodzi kutchalitchi cha ku Tottenham komwe kumasonkhana Amalawi, anakana, ati kumeneko nkhani zimafika kumudzi mapemphero asanathe.

Ndipo laputopu ija sankaitchulanso. Jailos akafunsa, yankho linali lakuti idikire, palibe chothamangira.

Kuntchito Jailos anali ndi mnzake mmodzi, Tafirenyika, wa ku Zimbabwe, yemwe agogo ake anachoka ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu. Chichewa chake chinali cha nkhalamba, chosakanikirana ndi Chishona, ndipo ankakonda kuchigwiritsa ntchito pogemula.

"Achimwene, masiku ano mukukankha bedi mukuimba. Wodwala uja wandifunsa ngati mukumuperekeza kuukwati."

Jailos anamuuza zonse. Tafirenyika anamvetsera, kenako anafunsa ngati abale a mtsikanayo akumudziwa. Jailos anati nthawi yake siinakwane. Mnzakeyo anangogwedeza mutu, n'kunena kuti agogo ake sankagula mbuzi osaona khola lomwe yachokera. Jailos anamuuza kuti Mwayiwathu si mbuzi, ndipo nkhaniyo inathera m'kuseka.

Koma mawuwo anamukhala. Nyengo yozizira ikutha, mitengo itayamba kuphuka, anaimbira mayi ake ku Mchinji n'kuwauza kuti wapeza munthu. Mayiwo analulutira pafoni, n'kuitana oyandikana nawo kuti adzamve okha. Anati amalume ake adziwitsidwa, angodikira kumva kuti akaonane ndi ndani ku Ntcheu.

Sabata yomweyo Mwayiwathu anatumiza meseji.

"Jai, kuntchito akuti tonse tichite maphunziro a pa intaneti mwezi uno usanathe. Pafoni zilembo zikuchepa, maso akundiwawa. Ungaidzutse laputopu ija?"

"Loweruka ndikubwera ndi mankhwala ake, wokondedwa."

Patapita kanthawi inabwera ina.

"Kodi ukamakonza umaona zomwe zili m'kati?"

Jailos anamufotokozera kuti pali njira ziwiri. Atha kuyesa kupulumutsa zomwe zili mudisiki yakale n'kuzisamutsira mu yatsopano, kapena kungoika yatsopano yopanda kanthu n'kuyamba Windows pachiyambi, ngati kulowa m'nyumba yongozira kumene.

"Yachiwiriyo," anayankha Mwayiwathu. "Yakaleyo usaitsegule. Mulibe zaphindu. Ndikufuna kuyambiranso."

Jailos anawerenga mawu omalizawo kangapo. Kuyambiranso! Anaganiza kuti akunena za iwo awiri.

Anagula disiki ya mtundu watsopano, yomwe amati SSD, yopepuka ngati bisiketi, yopanda chozungulira m'kati. Pakompyuta yake yakale anakonza fulashi yoikira Windows. Anasita malaya. Anatsimikiza mumtima kuti tsiku lomwelo apempha nambala ya amalume a Mwayiwathu, kuti akuluakulu ayambe kuyankhulana.

Loweruka masana kunawala dzuwa lofooka. Chipinda cha Mwayiwathu chinali chaching'ono ngati chake, koma chinali ndi nsalu yamaluwa pazenera ndi fungo la nyemba zapamoto. Jailos anayala thaulo patebulo, n'kugoneka laputopu chafufumimba. Anapempha sosala yoikamo tizitsulo tomangira kuti tisasowe.

Ankagwira ntchito mosafulumira. Anamasula tizitsulo kamodzikamodzi, n'kutsegula chivundikiro ndi chikhadabo. M'kati munali fumbi lambiri, lina lofiirira.

"Ili ndi fumbi la kwathu ili," anatero. "Linakwera ndege popanda viza."

Mwayiwathu anaseka ali kuchitofu. Jailos anauzira fumbilo, anadula moto wa batire, kenako anasolola disiki yakale n'kuiika pambali. Yatsopano inalowa bwinobwino. Atatseka, analowetsa fulashi n'kuyatsa.

Galasi lomwe linakhala lakuda miyezi yonseyi linawala.

"Yadzuka!" Mwayiwathu anaomba m'manja, n'kumupsompsona pachipumi. "Dokotala wanga."

Jailos anasankha chilankhulo, analoza disiki yatsopano ija, n'kuisiya kuti idzilembe yokha. Laputopu inkazima n'kuyakanso, timadontho tikuzungulira pagalasi. Anamuuza Mwayiwathu kuti apa mpofunika kudekha, ngati kudikira mkate mu uvuni. Anakhala pabedi mapewa atagundana.

"Mwayi, mayi anga akukudziwa tsopano."

Phewa la Mwayiwathu linauma.

"Ndikufuna undipatse nambala ya amalume ako. Ine zobisala zandikwana. Ndikufuna ndizibwera pakhomo pano ngati munthu wodziwika."

"Timalize kaye izi, Jai. Tidye. Kenako tikambirana."

Laputopu inapempha intaneti, Jailos anailumikiza. Kenako inapempha imelo ndi pasiwedi ya mwini wake. Apa Jailos anachita zomwe ankachita kuyambira m'kakhumbi ka ku Lilongwe. Anakankhira laputopu kwa mwini wake, n'kuimirira kukayang'ana pazenera. Pasiwedi ya munthu sankaiyang'ana, ngakhale ya m'bale wake.

Kumbuyo kwake Mwayiwathu analemba. Pagalasi panabwera mafunso ena m'Chingerezi, limodzi likufunsa ngati akufuna kuti zinthu zibwerere monga zinalili pamakina ake akale. Sanawerenge. Anangodina batani labuluu monga amadinira mabatani onse abuluu, kuti zithe msanga nyemba zisapserere.

"Ndamaliza," anatero.

Posakhalitsa laputopu inatseguka, yoyera, yopanda kanthu. Jailos anaonetsa Mwayiwathu mmene ikuthamangira, n'kuiuza kuti ikoke zotsala zonse pa intaneti. Anaikankhira kumapeto kwa tebulo ndipo anayamba kudya mpunga ndi nyemba.

Jailos ndiye anali moyang'anana ndi galasi. Ali pakati pa kutafuna anaona mtundu wabuluu uja ukuchoka. M'malo mwake munabwera chithunzi chodzaza galasi lonse.

Anali Mwayiwathu, wonenepa pang'ono kuposa lero, atakhala pamkeka pansi pa tenti. Pambali pake panali mwamuna wamtali. Malaya a mwamunayo ndi diresi la Mwayiwathu zinali za nsalu imodzi. Mwamunayo ankamuveka mphete, ndipo kumbuyo kwawo azimayi anali atanyamula lichero ndi mithiko, pakamwa pali yasa ndi nthungululu.

Munthu wa ku Mchinji safunika kumuuza kuti chinkhoswe chimaoneka bwanji.

Kenako m'mbali mwa chithunzicho munayamba kutuluka timafoda, kamodzikamodzi. Kena kanalembedwa kuti Betty.

Mwayiwathu anaona nkhope ya Jailos, n'kucheuka. Supuni inagwera m'mbale. Anatambasula dzanja kuti atseke laputopu, koma Jailos analigwira, mofatsa.

"Usatseke. Ikadali kukoka zinthu. Ukaidula pakati ingathe kuvuta."

"Unati mukhala mopanda kanthu," Mwayiwathu ananong'ona.

"Mudisiki munalibe kanthu. Izi zinasungidwa ku imelo yako. Walowa, ndiye zakutsatira."

M'nyumba yoyandikana nayo wina ankakokera mpando. Mwamuna wa pachithunzi uja ankangomwetulira pakati pawo.

"Ndani?"

"Khumbo."

"Munasiyana?"

Mwayiwathu anapukusa mutu.

"Nanga Betty?"

"Mwana wanga. Wayamba sukulu chaka chino."

Zotsalazo anazinena akuyang'ana m'mbale. Khumbo ndi mphunzitsi ku Balaka. Anagwirizana kuti Mwayiwathu atsogole, bambo ndi mwana adzatsatire. Koma pomwe mapepala ake ankatuluka, lamulo linali litasintha, osamalira okalamba sakuloledwanso kuitanitsa mabanja awo. Anabwerabe, poganiza kuti njira ipezeka. Njira sinapezeke. Mphete anaivula sabata yoyamba chifukwa kuntchito amavala magolovesi, ndipo tsiku lina anangozindikira kuti sakuivalanso ngakhale Lamlungu. Mafoni a Lamlungu aja sanali a mayi ake.

"Ndikanakonda ndikanakuuza kuti ndi munthu woipa, Jai. Si woipa. Amamuluka yekha tsitsi mwanayo."

"Ndiye ine ndinali ndani?"

"Unali munthu yekhayo amene ankandifunsa ngati ndadya. Ndinkati ndikuuza mawa, mawa likafika ndinkaopa kubwerera m'bafa muja. Zoti ndimakukonda sindinaname. Chimenecho chokha sindinaname."

Jailos anafuna kukwiya. Anaufunafuna mkwiyowo m'chifuwa koma anangopezamo dzenje. Akanamunena chiyani munthu yemwe ankadwala matenda omwewo amene iye ankadwala? Koma nanga mwamuna uja, woluka tsitsi la mwana ku Balaka, analakwa chiyani?

"Mayi anga analulutira," anatero. "Anaitana anthu."

Mwayiwathu anabisa nkhope m'manja. Mapewa ake ankagwedezeka popanda mawu, kulira kwa munthu wozolowera kulira mobisa.

"Unalonjeza kuti sudzandisiya ndekha."

"Ndinalonjeza."

"Ndiye usapite. Sindikudziwa kuti tichita bwanji, koma usapite lero."

Jailos anakokera laputopu kwa iye. Inali itamaliza kukoka, ikupempha kuzima ndi kuyakanso. Anailola. Timadontho tinazungulira, ndipo awiriwo anadikira, nyemba zikuzizira m'mbale. Itayaka, chithunzi chija chinabweranso.

Ntchito yosamaliza sankaisiya. Anayesa mawu, analira bwino. Anatsegula tsamba la maphunziro a kuntchito kwa Mwayiwathu n'kuliika poonekera. Anakulunga disiki yakale m'pepala n'kuiika pafupi ndi sosala, n'kunena kuti isatayidwe m'bini wamba, ndipo mwina muli zithunzi za mwana zomwe sizinafike ku imelo. Ku Peckham kuli anyamata omwe angayese kuzitulutsa.

Chomaliza chinali kamera. Ataitsegula, pagalasi panaoneka nkhope ziwiri zoyandikana, ya Mwayiwathu yonyowa, yake youma ngati chikuni. Kumbuyo kwawo kunali nsalu yamaluwa ija ndi mbale ziwiri patebulo. Ankaoneka ngati banja.

Anayang'ana kanthawi. Kenako anasuntha mpando wake mpaka pagalasi panatsala Mwayiwathu yekha.

"Kamera ili bwino," anatero. "Mawa mwana akuonani bwinobwino, osati mwa pafoni muja."

"Jai, usandiyankhule choncho. Jai wanga."

Jailos anatola fulashi ndi zomasulira zake n'kuziika m'thumba. Anavala jekete, zipi inamuvuta, anailimbana nayo mpaka inakwera. Pakhomo anaima, dzanja lili pachitseko, osacheuka.

"Mutsale bwino, amake Betty."